Lipoti la ulendo wokaona kafukufuku wa ndere ndi maselo a khansa

Gulu lathu la ophunzira za mankhwala linakacheza ku labotale ya payunivesite komwe amayesa ngati zinthu zopezeka mu ndere zingaphe maselo a khansa. Ndere zake si za m'madzi zija ayi, koma zomera pa makungwa a mitengo ndi pamiyala, zotchedwa lichen. M'ndere zoterezi bowa amakhalira limodzi ndi tizomera tating'onoting'ono topanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo bowayo ndiye amatulutsa mankhwala amene ofufuza akuwafuna. Wotchuka kwambiri ndi usnic acid, wachikasu, wopezeka mu ndere za mtundu wa Usnea ndi Cladonia, amene wasayansi W. Knop anamupatula koyamba mu 1844.

Tinayambira kuchipinda chokonzera. Asanapere chilichonse amachotsa dothi ndi tizidutswa ta khungwa, kenako n'kutsimikiza mtundu wake. Wofufuza wina anatidonthezera potassium hydroxide wa 10 peresenti pa kachidutswa kena, ndipo tikuona kanasanduka kachikasu kenako kofiira, chizindikiro cha salazinic acid. Akaumitsa pamthunzi amapera, n'kuviika mu acetone kapena methanol, n'kusefa, kenako n'kuumitsa madziwo pa makina pa madigiri pafupifupi 40 kuti kutentha kusawononge mankhwala. Chotsalacho amachisungunula mu DMSO, madzi apadera osungunulira mankhwala.

Kuchipinda cha maselo ndiye kunali nkhani yambiri. Amaweta maselo otchedwa MCF-7 a khansa ya m'bere, A549 a m'mapapo, ndi HeLa a khomo la chiberekero, omwe anachokera kwa Henrietta Lacks, mayi amene ankadwala khansayi, mu 1951. Maselowa amakhala mu inkyubeta ya madigiri 37 ndi mpweya wa carbon dioxide wa 5 peresenti. Poyesa amatenga kambale kapulasitiki ka timaenje 96, n'kuika maselo 5,000 mpaka 10,000 m'kadzenje kalikonse, n'kudikira maola 24 kuti agwire pansi. Akatero amathira mankhwala a ndere mosiyanasiyana mphamvu ndi kusiya kwa maola 48 kapena 72. Amawerenga ndi njira ya MTT, imene Tim Mosmann anaifalitsa mu 1983: maselo amoyo amasandutsa utoto wachikasu wotchedwa MTT kukhala wofiirira ngati pepo, akufa sautembenuza. Makina amayeza kuderako ndi kuwala kwa 570 nm, ndipo pamenepo amapeza IC50, mlingo umene wachepetsa maselo amoyo ndi theka. Pa mankhwala osapatula, ambiri amatsata malire a IC50 ya maikulogalamu 20 pa mililita imodzi. Kupitirira apo amati mphamvu ndi yochepa.

Zolakwika zimabisala m'tinthu tating'ono. DMSO ikapitirira 0.5 peresenti m'kadzenje, imatha kupha yokha maselo, ofufuza n'kumatamanda ndere. N'chifukwa chake pamakhala timaenje ta DMSO yokha, ndi tina ta doxorubicin, mankhwala enieni a khansa, poyerekezera. Timaenje 36 ta m'mphepete timauma msanga, choncho amangothiramo madzi amchere a PBS n'kugwiritsa ntchito 60 ta mkati. Usnic acid savomera kusungunuka m'madzi: tinaona pa maikulosikopu timibulu tachikasu tonga singano titakhala pansi, kusonyeza kuti mlingo wolembedwa m'buku si umene unafika ku maselo. Mankhwala ena a ndere amatembenuza MTT popanda selo n'limodzi lomwe, ndiye pamafunika kadzenje kopanda maselo kochotsera chinyengo chimenecho. Palinso tizilombo ta mycoplasma, tosadetsa madzi oweteramo koma tosokoneza zotsatira.

Chimene tinachiona chofunika koposa ndi kambale kachiwiri, ka maselo abwinobwino monga MRC-5 a m'mapapo. Kupha maselo a khansa m'kambale si chinthu chovuta. Ngakhale bulichi amapha. Funso lenileni ndi loti abwinowo atsala bwanji. Amagawa IC50 ya maselo abwino ndi ya a khansa, ndipo yankho likayandikira 1, chinthucho ndi poizoni chabe. Usnic acid amasokoneza mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'selo, ndipo sasankha kwenikweni. Mu 2001 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku United States, linachenjeza anthu za LipoKinetix, mankhwala ochepetsa thupi okhala ndi sodium usniate, wochokera ku usnic acid, anthu atawonongeka chiwindi. Choncho wodwala asayerekeze kuwiritsa ndere n'kumwa chifukwa chomva kuti zapha maselo ku labotale.

Zimene zachita bwino m'timbale tonse tiwiri amazipatula pa HPLC, makina olekanitsa mankhwala osakanikirana, kuti adziwe chimene chikugwira ntchito. Kenako amayeza ndi Annexin V ndi caspase-3, mapuloteni osonyeza mmene selo likufera, kuti aone ngati maselo akufa mwadongosolo, zomwe amati apoptosis, kapena akungophulika. Kuyesa pa mbewa kumabwera pambuyo pa zonsezi. Pokatola ndere m'tchire amatenga pang'ono, popeza mitundu yambiri imakula mamilimita ochepa okha pachaka, ndipo chitsanzo chimodzi amachiumitsa n'kuchisunga ndi dzina lake ndi malo ake kuti wina adzathe kubwereza ntchitoyo.