Ku Likoma nyumba sinapezeke pa WhatsApp

Kalata yondisamutsa itafika ndinaiwerenga kawiri kenako nkuimbira mayi anga. "Likoma? Kuja amapita pa sitima kuja?" Ndati eya mayi, komweko. Anakhala kaye chete, kenako funso lawo linali limodzi basi, ukakhala kuti mwana wanga. Ine ndinayankha ndi mtima wonse kuti nyumba ya pantchito ilipo, andiuza kale pa foni. Ndipo ndinkakhulupiriradi.

Ndinakwera Ilala ku Nkhata Bay Lolemba madzulo, ndili ndi matiresi yomanga ndi linya, ndowa ziwiri, mbaula, thumba la ufa ndi sutikesi. Kwa amene simunaikwerepo, sitimayi inayamba kuyenda pa nyanja yathuyi mu 1951 ndipo kwa anthu a kuchilumba ndiye msewu wawo, chilichonse chimadzera momwemo, simenti, malata, shuga, makireti a zakumwa, madengu a tomato, nkhuku zomanga miyendo, ndiye usiku wonse umangokhala pakati pa katundu, wina wagona pa thumba la chimanga, wina akuyamwitsa mwana, injini ikungolira pansi pako. Tinaima pa Chizumulu kudakali mdima. Kutacha ndi pomwe Likoma inaonekera, miyala ikuluikulu, milambe yambirimbiri ngati anachita kubzala, kuseri kwake mapiri a ku Mozambique ali pafupi zedi. Pajatu chilumbachi ndi cha Malawi koma madzi ochizungulira ndi a mbali ya Mozambique, Cobue ali tsidya lomwelo, kukacha bwino nyumba zake umaziona.

Nyumba ija ndinapeza muli anthu. Banja la amene ndinkalowa m'malo mwake linali lisanatuluke, ana ali pakati pa teremu, katundu wawo akudikira ndalama ya sitima. Sindinawaimbe mlandu ayi, kusamuka pachilumba sikuli ngati kumtunda koti umangoitana lole nkupakira. Koma mtima unandipweteka, chifukwa dzuwa linali litakwera, mnyamata wondinyamulira matiresi ataima pambali panga akudikira kuti ndimuuze kolowera.

Ndinakagona ku resiti hausi pa Mbamba, pomwe pali msika ndi timashopu. Ndinkati masiku atatu basi. Anakwana masabata awiri, ndalama ikungotha.

Poyamba ndinkafufuza mmene tinazolowerera mutauni. Kufunsa nambala ya ajenti, kusakasaka magulu a pa WhatsApp ndi pa Facebook, kuyang'ana m'mitengo ngati pakhomedwa kachikwangwani ka nyumba ya lendi. Palibe chomwe ndinapeza. Chilumba chonsecho ndi masikweya kilomita 18 okha, ukhoza kuchiyenda wapansi tsiku limodzi, ndipo malo ambiri ndi a makolo, nyumba ndi za pabanja. Kumanga nako nkodula chifukwa thumba lililonse la simenti, lata lililonse, lakwera sitima nkulipira, latsitsidwa, lanyamulidwa pamutu, ndiye munthu samangomanga nyumba zoti adzichititsa lendi ngati ku Area 25. Zilipo nyumba zabwino zotseka, eni ake ali pantchito ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Joni, koma zimenezo sazilengeza. Maloji a m'mbali mwa nyanja alipo okongola, koma amenewo ndi a alendo odzaona malo, mitengo yake si ya munthu wa malipiro a pamwezi.

Lamulungu lachiwiri ndinapita kukapemphera ku St Peter's ngakhale ine ndinakulira mu mpingo wina. Tchalitchi chimenechi mukadzachiona mudzaima kaye pakhomo. Amishoni a Anglican anayamba kuchimanga mu 1903 nkuchimaliza mu 1911, chachikulu chomangidwa ngati mtanda, mawindo a magalasi a mitundumitundu, pamalo otchedwa Chipyela pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Ndinakhala kumbuyo, nyimbo zikumveka mpaka kudenga, ine maganizo ali pa bilu ya resiti hausi.

Potuluka anandigwira pamkono mayi wina wa Mothers' Union. "Kodi si inu aphunzitsi atsopano aja mukugona pa Mbamba?" Ndinadabwa, ndati ndine mayi, mwandidziwa bwanji. Anaseka nati kuno mlendo akatsika sitima aliyense amadziwa. Kenako anati, "Nanga bwanji simunanene? Mawa mukaweruka mundipeze, ndikakuonetseni kwa agogo ena."

Agogowo tinawapeza pakhonde akusenda chinangwa choviika, fungo lake lija la kondowole lili thoo pabwalo ponse. Ndinagwada nkupereka moni, anandipatsa kampando. Za mtengo sanayambe nazo. Anafunsa kwathu, mfumu yathu, ngati makolo ali moyo, komwe ndimapemphera, ngati ndili pabanja, ngati ndimalandira alendo usiku. Chinyanja chawo cha kuchilumba ndinkachimva koma mawu ena ankandidutsa, mayi aja nkumandithandiza. Atakhutira anapukuta manja pa chitenje nkutulutsa kiyi womangirira pa kansalu.

"Mwana wanga, nyumbayi ndi ya mwana wanga wamwamuna, ali ku Joni. Chipinda chimodzi muli katundu wake, chimenecho musatsegule. Pa Khirisimasi akabwera agona momwemo. Mukavomera zimenezo, lowani."

Ndinavomera. Zipinda ziwiri ndi pabalaza, pansi pa simenti, malata a dzimbiri pang'ono koma osadontha, bafa ndi chimbudzi panja, mlambe waukulu kuseri. Chitseko chakumbuyo chinali chodyedwa ndi chiswe, tinagwirizana kuti ndikonzetsa ndekha ndipo tidzachotsera pa lendi. Tinalemba pa pepala la m'kope, mayi aja nkusainira ngati mboni. Ichi ndimauza aliyense, lembani ndithu, si kuti agogo angakunamizeni koma mwini nyumba weniweni ali kutali ndipo tsiku lina adzafunsa.

Zina ndinazidziwa ndili kale mnyumbamo, zoti ndikanadziwa ndikanafunsa tsiku loyamba lomwe. Madzi ali kuti, chifukwa nyumba ya pamtunda imaoneka bwino, kamphepo kayaziyazi, nyanja yonse ili poyera, koma mpopi ukauma ndowa ija ukwera nayo wekha pamiyala. Khomo layang'ana kuti, chifukwa nthawi yozizira mwera ukayamba kuwomba kuchokera kummwera umalowetsa mchenga mpaka m'mbale, ndipo masiku amenewo nyanja imakalipa, maboti ang'onoang'ono sayenda, asodzi amakhala pamtunda, ndiwo nkusowa. Mawindo ali ndi sefa kapena ayi, chifukwa kupatula udzudzu kuli nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi wakuda, tikafika kumtunda timathamangira pa getsi lililonse, umangozimitsa nkukhala mumdima. Anzanga akuno amatikola nkupanga ndiwo. Ndiponso imani mkati mwa nyumbamo muone foni, malo ena imakoka netiweki ya ku Mozambique.

Moyo wake umayendera tsiku la sitima. Tomato, kabichi, anyezi zimadzadza pamsika sitima ikangofika, pakapita masiku zimachepa nkukwera mtengo, popeza dothi lakuno ndi mchenga ndi miyala, chomwe chimachita bwino ndi chinangwa. Nkhuni zambiri zimachokera tsidya lija pa mabwato a matanga. Ufa wanga wachimanga utatha ndinayamba kondowole, poyamba ankandilemera m'mimba, pano ndi usipa wauwisi wongowedza kumene sindifunanso china.

Patatha miyezi inayi anandiitana kuti nyumba ya pantchito ija tsopano ili pululu, ndikhoza kulowa. Ndinapita kukaiona, ndi yabwino ndithu, yaikulu kuposa ino, lendi yake yochepa. Madzulo ndinakawauza agogo. Sanayankhe msanga, anangopitiriza kupeta, kenako anati, "Ndiye mankhwala anga a BP azindiwerengera ndani?"

Mmawa mwake ndinakanena kuti nyumbayo aipereke kwa mnzanga amene akubwera ndi ana atatu. Sabata yamawa ndikuwolokera ku Nkhata Bay kukatenga malipiro ndi zinthu zina, ndipo pa kapepala kanga ndalemba mahinjesi awiri, sefa ya pawindo la kuchipinda, ndi chitenje cha agogo, anati chikhale chobiriwira.