Mapu Anga Anathawa Usiku

Amene anandinyengerera kuti ndilembe thesis yanga mu LaTeX, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera zolemba, ndi mnzanga wina wa masamu, ndipo mpaka lero ndikamuona mtima umandiuza kuti ndimulipiritse. "Aise, isiye Word," anatero. "Iyi iwe umangolemba, tsamba imakonza yokha." Mawu akuti "yokha" aja ndinawalandira ndi manja awiri, osadziwa kuti akunena chinthu chosamva za munthu.

Kafukufuku wanga anali wa alimi a mpunga a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Mutu wachitatu unali ndi zithunzi 9 ndi matebulo 4. Choyamba chinali mapu a dera lonselo, aakulu bwino, oti ngakhale agogo opanda magalasi aloze pamene pali Kachulu. Ndinalemba monyadira kuti "onani mapu ali m'munsimu", n'kuikapo kachilembo ka h, kamene mnzanga uja anati kamatanthauza "pano". Pano ndi pano, nanga vuto lichokera kuti?

Ndinatumiza kwa a supavaiza usiku, PDF osaitsegula n'komwe, poti magetsi anali atazima ndipo batire la laputopu linali likupuma mpweya womaliza. Kutacha foni inalira.

"Mwadzuka bwanji bambo? Ndimati ndifunse, mapu anuwa ali m'munsi mwa chiyani?"

"M'munsi mwa ndime yoyamba, adokotala."

"Ine pano ndikuona tebulo la mitengo ya feteleza. Ndalitembenuza mbali zonse, nyanja sindikuiona. Kapena yaphweranso ngati mu 1995?"

Nditatsegula, thukuta linachita kamukamu. Zithunzi zonse 9 zinali kumapeto kwa mutu, zitandanda ngati anthu odikira kuchigayo. Matebulo okha ali phee m'malo mwake, ngati sakudziwa kanthu.

Nkhani yake ndinaimvetsa mochedwa. Donald Knuth anayamba kupanga pulogalamu ya TeX mu 1977, Leslie Lamport n'kudzamangapo LaTeX, ndipo m'menemo chithunzi chimayandama, sichikhomedwa ndi msomali. Ka h kaja ndi pempho chabe. Malo akachepa, pulogalamuyo imakasandutsa ht, ndiye kuti pano kapena pamwamba pa tsamba, ndipo imakuuzadi m'machenjezo aja amene ine ndinkawadutsa ngati zolemba za pa paketi ya shuga. Koma pamwamba pa tsamba palinso lamulo: chithunzi chisapose magawo 70 pa 100 a malo olembapo. Mapu anga onenepa aja anaposa. Chilembo cha p, chololeza chithunzi kukhala patsamba lakelake, sindinaike. Ndiye mapu anangoima, ndipo poti chithunzi sichiloledwa kupitirira chinzake, zina 8 zinaima pambuyo pake ngati maminibasi kumbuyo kwa lole yofera pamlatho. Matebulo ali ndi mzere wawo, n'chifukwa chake ankangodutsa akuimba likhweru. Zonse zinadzakhuthulidwa pamodzi mutu utatha.

Munthu wanzeru akanachepetsa mapu. Ine ndinapsa mtima. Ndinafufuza pa intaneti mpaka ndinapeza H wamkulu wa mu phukusi la float, amene sapempha koma kulamula. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinamuika paliponse, chithunzi ndi tebulo lomwe, ndikunena ndekha kuti tione mwini nyumba ndani.

Inamveradi. Chithunzi chikapanda kukwana, inkalumphira tsamba lina n'kusiya theka la tsamba lili mbee. Masamba anachoka pa 96 kufika pa 113, ndipo kosindikiza amawerenga tsamba, kaya lalembedwa kaya ayi. Mayi wa pamakina anakweza pepala limodzi n'kuliyang'ana padzuwa. "Achimwene, inki yanga yatha kapena nzeru zanu ndi zomwe zinathera apa?" Ndinalipira mwakachetechete, ndalama ya ndiwo za sabata yonse.

A supavaiza anabweza bukulo patatha masiku atatu. Pa malo oyera a tsamba 41 analembapo ndi cholembera chofiira kuti: "Dimba labwino. Mudzalapo mpunga liti?"

Mnzanga wa masamu uja anabwera nditamulonjeza chipisi ndi Fanta. Anafufuta ma H onse, n'kulemba htbp (pano, pamwamba, pansi kapena patsamba lakelake), kuchepetsa mapu pang'ono, kenaka anati ndisiye kuuza anthu za m'munsi ndi m'mwamba, ndizingotchula nambala ya chithunzi pogwiritsa \ref, chipite kumene chikufuna. Sizinathe mphindi 10. Chipisi anadya nthawi yaitali kuposa ntchitoyo.

Ndinasaka mawu oti "m'munsimu" m'buku lonse n'kuwachotsa, kupatula amodzi amene anandizemba, a mapu omwe aja. Tsiku loteteza thesis, mayi wina mwa ondiyesa anavula magalasi n'kuloza tsamba.

"Mwalemba kuti mapu ali m'munsimu."

"Eya, mayi."

"Nanga awa ali pamwambawa ndi a ndani?"