Foni inapita mu metro ya ku Paris, za lipoti la kupolisi ndiye zina

Abale, amene mukukonzekera kukaona Paris kapena mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya, lembani IMEI, nambala yozindikirira foni yanu, papepala. Papepala ndithu, osati mufoni momwemo. Dinani *#06#, ituluka nambala ya madijiti 15, ilembeni ndi bolopeni muike pamodzi ndi pasipoti. Pepala lomwelo lembanipo nambala ya banki yotsekera khadi ndi nambala ya munthu mmodzi wakunyumba.

Foni yanga inabedwa mu metro, sitima ya pansi pa nthaka, layini 1, ija imadutsa ku Louvre ndi Champs-Élysées. Madzulo anthu amathithikana ngati minibasi ya ku Ndirande nthawi yoweruka, ndiye anyamatawa amadikira belu lotseka zitseko lilire, wina akukankha ngati akufuna kutsika mochedwa, wina akukutchinga kutsogolo, chitseko chikatseka iwo ali panja iwe sitima yanyamuka nawe. Sindinamve kalikonse. Alamu anga ndi amene anati "alamu, foni ija mwaika kuti?" ndikupisa m'thumba mulibe. Chosekesa nchakuti m'masiteshoni amalengeza pa sipika kuti samalani akuba, mpaka m'zilankhulo zingapo, koma ukamva zimenezo umangogwira thumba lomwe muli katundu, basi wawaonetsa.

Choyamba tinatseka khadi ya banki kudzera pa foni ya alamu. Apa mpomwe ndinaona kuti foni ikapita, yapita ndi zambiri. Kulowa mu imelo akufuna khodi, khodi ikupita ku simu yomwe ili m'manja mwa wakuba. Kulowa pa apu ya banki, khodi. Buking'i ya hotelo, tikiti ya ndege, zonse zili mu imelo yomwe yanditsekera panja. Mwayi tikiti ndinali nditapulinta kale nthawi ya viza, zipepala zomwe zija timadandaula nazo.

Ndiye kupolisi. Ayi ndithu. Tinafika m'mawa, pakhomo akutisecha, kenako khalani apo. Tinakhala. Pabenchi panali azungu a mayiko ena, mayi wina wa ku Asia ali ndi mwana, onse nkhani yake imodzi, foni kapena waleti. Nthawi ya nkhomaliro inakwana tili pomwepo, sungachoke kukagula ngakhale buledi poopa kuti akuitana iwe kulibe. Atatiitana, wapolisi Chingerezi chake chochepa, ine Chifalansa changa chimathera pa bonjour ndi merci, tinkalankhulana kudzera pa foni ya alamu yomasulira. Funso loyamba: IMEI. Kunayenera kuimbira achemwali ku Area 25 kuti afufuze bokosi la foni m'kabati, ajambule sitika atumize pa WhatsApp, netiweki nayo ikuchita zake. Ndi chifukwa chake ndikuti papepala. Atamaliza anandipatsa kope la lipoti lokhala ndi chidindo, n'kundiuza mosabisa kuti ndisayembekezere kuti foni ipezeka. Tsiku lonse lomwe tinakonza zokwera Eiffel Tower linathera pabenchi imeneyo.

Koma chomwe chinandiwawa kwambiri si wakuba ayi. Ndi inshuwalansi. Mukudziwa kuti viza ya Schengen, yolowera ku France ndi mayiko ena a ku Ulaya, kuyambira June 2024 ndi mayuro 90 munthu wamkulu, osabweza ngakhale akukanize, ndipo salola popanda inshuwalansi yofika mayuro 30,000. Ndinalipira zonsezo, m'makwacha ndi ndalama yoti umaipeza utatuluka thukuta. Nditatumiza lipoti lija, yankho linabwera laulemu bwinobwino kuti pepani, yanuyi ndi yachipatala ndi kubweza munthu kwawo akadwala kapena akamwalira, za katundu wobedwa mulibe. Nanga pogulitsa bwanji osanena? Anangoti iyi ndi ya viza, lipirani apa. Ndiye inu pogula funsani molunjika ngati foni ndi chikwama zilimo, ndipo akuonetseni pomwe zalembedwa. Afunseninso kuti lipoti la polisi amalifuna pasanathe maola angati, ena amaika malire.

Ndaiwala kunena za pabwalo la ndege. Mukatsika pa Charles de Gaulle, anthu amene amakutsatirani mkati momwemo akuti taxi taxi, asiyeni. Tsatirani zikwangwani mpaka pamzere wa matakisi enieni, mtengo wopita mumzinda ndi wokhazikika, mu 2024 unali mayuro 56 kutsidya limodzi la mtsinje wa Seine ndi 65 kutsidya linalo. Apo ayi kwerani sitima ya RER B mpaka siteshoni ya Gare du Nord, koma chikwama chaching'ono chikhale kutsogolo, pamimba, zipi mutaigwira. Tikiti musataye mpaka mutatulukiratu, oyang'anira amaima m'makonde ndipo faindi yake amafuna pompopompo.

Ku tchalitchi cha Sacré-Cœur pamasitepe pali anyamata omanga kaulusi padzanja, ambiri ndi abale athu a ku Africa konkuno, akuyamba ndi "my brother, my sister", ukangotambasula dzanja akumanga kenako akufuna ndalama. Manja m'thumba, pitirirani. Pafupi ndi Eiffel pali atsikana oyenda ndi mapepala oti musayine, inu maso ali pa bolopeni mnzawo ali m'chikwama mwanu. Aja a juga ya timakapu titatu ndi kampira pansi, omwe mukuwaona akuwinawo ndi gulu limodzi.

Pasipoti yokha ndiye isamaleni kuposa zonse. Malawi alibe embase ku Paris, ikatayika ndiye kuti nkhani yanu ikukathera ku embase ya ku Brussels, ku Belgium, ndi sitima ina, hotelo ina, ndalama zina. Yanga inali m'kachikwama kam'kati mwa malaya, yosaoneka bwino pachithunzi koma inabwerera nane. Khalaninso ndi fotokope yake ndi ya viza m'sutikesi ku hotelo. Nambala ya ngozi ndi 112, imagwira m'mayiko onse a EU.

Simu ndinakabwezeretsa nditafika ku Lilongwe, imelo inatseguka tsiku lomwelo. Foni yatsopano ndikubwezabe ngongole yake, IMEI yake ili papepala m'kabati mwa achemwali ndi ina mu waleti.