Chipatala chathu cha amayi ochira kumene ku Seoul: sikelo timaiona pomaliza

Chipatala chathu ndi chaching'ono, chili pamwamba pa masitolo mu mzinda wa Seoul. Ndi cha mankhwala achikhalidwe cha ku Korea. Kuno zipatala zotere amazitcha hanuiwon, ndipo dokotala wake ndi hanuisa, munthu amene waphunzira zaka 6 ku yunivesite nkukhoza mayeso a boma. Tili ndi dokotala mmodzi, omuthandiza awiri, mabedi anayi obayirapo tisingano tochiritsira (acupuncture), ndi kachipinda kowiritsira mankhwala. Poyamba tinkalandira aliyense, wa msana, wobinya phazi, wa m'mimba. Amayi ochira kumene ankabwera apo ndi apo, koma pempho lawo linali limodzimodzi: "Adokotala, mundipatse ochepetsa thupi, tchuthi chikutha." Tchuthi cha uchembere kuno ndi masiku 90, ndipo mayi amafuna kubwerera ku ofesi atavala siketi yake yakale.

Ndalama zambiri pa ntchito yathuyi zili m'mankhwala ochepetsa thupi, palibe chobisa. Ambiri mwa mankhwalawa mumakhala mahwang, chomera chokhala ndi ephedrine. Chimaphadi njala, koma chimathamangitsa mtima, chimakweza BP, chimasowetsa tulo, ndipo chimadutsa mu mkaka wa m'mawere nkukafika kwa khanda. Ku America anachiletsa mu 2004 m'mankhwala owonjezera mphamvu ogulitsidwa popanda dokotala. Kuno hanuisa amaloledwa kuchilemba, koma ife tinagwirizana kuti mayi woyamwitsa sitimupatsa, ngakhale atachonderera bwanji. Tinataya nazo makasitomala ena. Amene anatsala ndiwo anatikakamiza kukonza ndondomeko imene tsopano ndiyo bizinesi yathu yonse: choyamba kutsuka, kenako kubwezeretsa magazi ndi mphamvu, thupi nkudzachepetsa pambuyo.

Chikuta cha ku Korea chimatchedwa samchiril, masiku 21. Kale pachipata ankamangapo chingwe cha mapesi a mpunga, geumjul, chosomekamo makala ndi tsabola wofiira ngati wabadwa ndi mwamuna, kapena makala ndi timanthambi ta paini ngati ndi mkazi, kuti alendo aone nkubwerera. Lero chingwecho simungachione m'mizinda. Amayi oposa 8 mwa 10 alionse akatuluka m'chipatala amapita ku sanhujoriwon, nyumba zolipira zosamalira amayi ndi makanda, kumene amakhala pafupifupi masabata awiri. Mantha okha ndiwo sanasinthe. Aliyense amaopa sanhupung, "mphepo ya uchembere": kuphwanya kwa m'mfundo, kuzizidwa m'mawondo ndi m'mikono ngakhale kukutentha, thukuta losaleka. Agogo akuno amati mayi akaphonya chikuta adzalipira ali nkhalamba.

Gawo loyamba ndi la magazi otsalira. Mayi akachira, chiberekero chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo pofika masabata 6 chimakhala chabwerera pa magalamu osapitirira 100. Nthawi imeneyi kumatuluka zoyipa zimene kuno amati oro: zofiira masiku atatu kapena anayi, kenako zofiirira, pomaliza zachikasu chotuwa, mpaka masabata 4 kapena 6. Magazi ochedwa kutuluka madokotala athu amawatcha eohyeol, ndipo mankhwala ake odziwika ndi saenghwa-tang, amene anachokera ku China. Muli zinthu zisanu: muzu wa danggui, umene umachuluka koposa, muzu wa cheongung, njere za pichesi, jinja wouma wokazinga mpaka kuda, ndi muzu wotsekemera wa gamcho wowotcha. Timapereka a masiku ochepa chabe, asanu kapena asanu ndi awiri.

Apa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri. Mankhwalawa amayendetsa magazi, ndiye mayi amene akutaya kale magazi ambiri, kapena amene akumwa mankhwala osungunula magazi, sitimupatsa. Amene wabereka kudzera pa opaleshoni timadikira kuti ayambe kudya bwinobwino ndiponso kuti dokotala amene anamuchita opaleshoniyo avomere. Pa bokosi lililonse timamatapo pepala la zizindikiro zoopsa: kunyowetsa thewera lonse pa ola limodzi, kutentha thupi kufika madigiri 38, fungo loipa la zotulukazo, kutupa ndi kuwawa mwendo umodzi, mutu waukulu ndi kuona zilozi m'maso. Chimodzi mwa izi chikaoneka, asatiimbire ife, athamangire kuchipatala kumene anachirira. Kachidutswa ka nsengwa kakatsalira m'chiberekero, palibe muzu umene ungakatulutse.

Gawo lachiwiri ndilo lalitali. Buku la mankhwala la Donguibogam, limene Heo Jun, dokotala wa mfumu ya ku Korea, anamaliza kulemba mu 1610 nkusindikizidwa mu 1613, limaphunzitsa kuti mayi akachira chofunika patsogolo ndi kubwezeretsa mphamvu ndi magazi, matenda enawo adikire. M'bukumo muli mankhwala otchedwa boheo-tang: insam, umene ambiri amaudziwa kuti ginseng, mizu ya baekchul, danggui, cheongung ndi hwanggi, makoko ouma a nachesi, gamcho ndi jinja. Dokotala amawonjezera kapena kuchotsa malinga ndi mayiyo, atamugwira mtsempha wa pa dzanja, kumuona lilime, ndi kumufunsa za thukuta, tulo, chimbudzi ndi mkaka. Wodandaula za msana amamuikira khungwa la duchung ndi muzu wa sokdan. Wa BP yokwera kapena wotupa kwambiri timamuchepetsera gamcho, chifukwa muzu umenewu ukachuluka umasunga madzi m'thupi ndi kuchepetsa potaziyamu m'magazi. Inde, chinthu chotsekemera chooneka chofatsa chija ndicho chingatupitse mayi amene wabwera kudzachotsa kutupa.

Kachipinda kowiritsira ndiko mtima wa bizinesi. Muyezo wakale ndi je imodzi, mitokoma 20 ya mankhwala ouma. Timayeza pa sikelo chinthu chilichonse, wina akuyeza wina akuwerenga pepala la dokotala. Timaviika m'madzi ozizira kwa ola limodzi, nkuwiritsa pafupifupi maola awiri, kufinya, kusefa, kenako makina amathira m'timapaketi ta mamililita 100 mpaka 120 akadali otentha. Je imodzi imatipatsa timapaketi 30, ta masiku 15 pomwa kawiri pa tsiku. Mayi amaviika kapaketi m'madzi otentha, kapena kuthira m'kapu nkutenthetsa. Kapaketi kofufuma kapena konunkha chowawasa nkotaya: mwina makina sanamate bwino, mwina bokosi linakhala padzuwa. Nchifukwa chake m'chilimwe cha kuno, July ndi August, timauza aliyense kuti asunge m'firiji. Masabata oyamba ena amatsegula m'mimba chifukwa danggui ndi wamafutamafuta, ndiye timati ayambe ndi theka la kapaketi, atadya.

Zouma zonse timagula zomata kale m'mapaketi a mafakitale ovomerezeka, monga lamulo lafunira kuyambira 2015. Msika wa mankhwala wa ku Jegi-dong tili nawo pafupi, fungo lake limakulonjerani mukangotuluka mu siteshoni ya sitima, koma zogula pamulu sitilowetsa m'mphika. Chifukwa chake chachikulu ndi tongcho, mtima wouma wa tsinde la chomera china. Apongozi ambiri amaphikira mkamwana mapazi a nkhumba ndi tongcho kuti mkaka uchuluke. Tongcho weniweni ndi woyera, wopepuka ngati chinkhupule. Koma pali mtengo wina woyanga, deungchik, umene ogulitsa osadziwa amausokoneza naye, ndipo uli ndi poizoni wa aristolochic acid wowononga impso kosabwerera. Mayi akatiuza kuti kunyumba akumuphikira zimenezi, timamupempha abwere nako kamtengoko tikaone. Chinanso timachenjeza ndi sikhye, chakumwa chotsekemera cha chimera cha balere. Chimerachi kuno amachigwiritsa ntchito poumitsa mkaka polekera mwana, ndiye woyamwitsa asachikonde.

Za msuzi wa miyeok, ndere za m'nyanja, timakangana ndi agogo pafupifupi tsiku lililonse. Mwambo umati mayi amwe miyeokguk m'mawa, masana ndi madzulo, ena mpaka kanayi. Msuziwo ndi wabwino, uli ndi madzi, nyama ya ng'ombe ndi mafuta a chitowe, ndipo umafewetsa chimbudzi. Vuto ndi ayodini wa m'nderemo, amene akachuluka amasokoneza chithokomiro. Malire a munthu wamkulu kuno ndi mamiligalamu 2.4 pa tsiku, ndipo mbale zitatu zimapyola pamenepo. Mu 2020 unduna woona za chakudya ndi mankhwala unalangiza kuti kawiri pa tsiku nkokwanira, ndi kuti ndere ziviikidwe mphindi 30 kapena kuposa nkutsukidwa pa madzi oyenda. Ife timawonjeza kuti msuzi asaupange ndi dasima, chifukwa ndere zimenezo zili ndi ayodini wochuluka kuposa miyeok. Nkhaniyi imakhudzanso sikelo: amayi ena chithokomiro chimasokonekera m'chaka choyamba atachira, ndipo amayamba kunenepa, kufooka ndi kuzizidwa. Zizindikirozo zimafanana ndendende ndi sanhupung. Tikaziona timamutumiza kukayezetsa magazi tisanalembe china chilichonse.

Kutentha nakonso amakupyoletsa muyezo. Nyumba za kuno zimatenthetsedwa pansi, ondol, ndipo banja limakweza moto, kumufunditsa mayi mabulangete awiri kuti "atulutse kutupa ndi thukuta". Zotsatira zake ndi ludzu, chizungulire, mkaka kuchepa, ndipo thukuta likazizira pa khungu kuphwanya kuja kumangokula. Chipinda chikhale pa madigiri 22 mpaka 24, malaya opepuka a manja aatali, masokosi, ndi kusintha zovala zikanyowa. Kufukiza kumunsi ndi nthunzi ya masamba a ssuk, jwahun, timadikira bala lipole ndi zofiira zileke.

Tsopano sikelo. Tsiku lochira lenilenilo mayi amataya makilogalamu 5 kapena 6: mwana, nsengwa ndi madzi. Ena 2 kapena 3 amachoka okha sabata loyamba kapena lachiwiri kudzera mu mkodzo ndi thukuta. Ndiye madzi a dzungu lokhwima, hobakjeup, amene abale amabweretsa makatoni ngati mphatso, amayamikiridwa pa ntchito imene thupi likanaichita lokha. Sitiwaletsa, koma muli shuga, ndipo amene anali ndi shuga wa pathupi achenjere.

Kuyeza koyamba timachita pa masabata 6, ndi makina a InBody amene amasiyanitsa mafuta, minofu ndi madzi. Amayi awiri olemera mofanana angafune zosiyana kotheratu: wina ndi madzi, wina minofu yatha chifukwa chogona. Timamugoneka chagada, kumuuza adzutse mutu pang'ono, nkupima mpata wa minofu pamwamba pa mchombo. Ukapitirira zala ziwiri, masewera odzuka ndi mimba ayembekeze, chifukwa amangokankhira mimba kunja. Amayamba ndi kupuma mozama kokokera mchombo mkati, kumanga minofu ya kumunsi, ndi kuyenda mphindi 10, kuwonjezera pang'onopang'ono mpaka 30. Woyamwitsa amafunika makalori 340 owonjezera pa tsiku, ndipo sitilola kuti atsike pansi pa 1,800. Theka la kilogalamu pa sabata ndiwo muyezo. Kuposa apo mkaka umachepa, tsitsi limene limathothoka kale pa miyezi itatu kapena inayi limathothokeratu. Tisingano timabaya pofuna kuchepetsa ululu wa m'mikono ndi msana kuti mayi athe kuyenda. Sitimuuza kuti singano imasungunula mafuta.

Mankhwala ochepetsa thupi enieni amabwera mwana akasiya bere, ndipo ngakhale pamenepo timayamba tayeza BP, kugunda kwa mtima, ndi kuona zotsatira za magazi a chiwindi. Timapereka a masabata awiri, nkumuitana. Akati mtima ukugunda kwambiri, manja akunjenjemera kapena tulo tasowa, timachepetsa mahwang kapena kumuchotseratu. Khofi amasiya nthawi yonseyo.

Msika wathu unachepa, aliyense akudziwa. Mu 2023 m'dziko lonse la South Korea munabadwa ana pafupifupi 230,000 okha, avereji ya ana 0.72 pa mayi mmodzi. Chatithandiza ndi ndalama ya ma won 1 miliyoni (won ndi ndalama ya ku Korea) imene mzinda wa Seoul unayamba kupereka chaka chomwecho kwa amayi ochira, imene angalipirire mankhwala ngati athuwa. Tinasinthanso kagwiridwe ka ntchito: mayi amabwera kudzapimidwa mwezi womaliza wa pathupi, akachira banja limatiimbira kutiuza mmene zayendera ndi magazi amene wataya, ndipo dokotala akavomera, bokosi loyamba limawiritsidwa tsiku lomwelo nkutumizidwa ku sanhujoriwon. Lachiwiri silichoka pano mpaka mayiyo atabwera yekha, dokotala amugwire dzanja.