Drilo yomenya, SDS kapena breaker: yang'anani khoma kaye

Pakhoma la njerwa zootcha, drilo yomenya wamba ndi yokwanira, bola bowo lisapitirire mamilimita 10 kapena 12. Imamenya ndi timano tiwiri tokhulana, choncho imadalira mphamvu ya mkono wanu. Mukaiika pa konkire ya lintolo, biti (kachitsulo koboolera) imatentha, nsonga imabuntha, bowo osayenda.

Konkire imafuna rotary hammer, drilo yomwe imatchedwanso SDS potengera mtundu wa tsinde la biti yake. M'kati mwake muli pisitoni yomwe imakankha mpweya n'kumenya biti molunjika, ndiye musaitsamire. Kukankha kwambiri kumangochepetsa kumenyako. SDS-plus, ya tsinde la mamilimita 10, imaboola bwino mabowo mpaka pafupifupi mamilimita 20, ndipo mukazimitsa kuzungulira n'kuikapo tchizulo imachotsa matailosi ndi pulasitala, imatsegulanso njira ya mapaipi. SDS-max tsinde lake ndi mamilimita 18, ndi ya mabowo aakulu ndi kugumula khoma. Mabiti a mitundu iwiriyi salowana, onetsetsani musanalipire.

Breaker siizungulira, imangomenya. Ndi yoswera silabu ndi maziko, ndipo muziyambira m'mphepete, chifukwa pakati tchizulo imakanirira.

Chimene ndimachiopa kwambiri ndi chitsulo cha m'konkire. Biti ikachigunda imagwira mwadzidzidzi, makina n'kupotokola dzanja. Gulani drilo yokhala ndi kilatchi yotetezera, yomwe imasiya kuzunguliza biti ikangogwira, ndipo chogwirira cham'mbali musachichotse. Pakani girisi pang'ono patsinde la biti, muzitulutsa biti pafupipafupi kuti fumbi lituluke, ndipo valani chotchinga mphuno, chifukwa fumbi la konkire limawononga mapapo.