Pakati pa shefu ndi kasitomala: sabata yanga m'lesitilanti ya Chitaliyana

Sabata yathu imayamba Lachiwiri, chifukwa Lolemba timatseka. Ndine weyitala m'lesitilanti ya zakudya za ku Italy cha ku Sea Point, mumzinda wa Cape Town, ndipo ino ndiyo nyengo imene ntchito imatentha. Kumapeto kwa Novembala kuno kumakhala kwalowa chilimwe, alendo a ku Ulaya othawa chisanu chakwawo ayamba kutsika, makampani nawo ayamba maphwando otsekera chaka. Mu Juni ndi Julayi, nthawi ya mvula kuno, timatha usiku wathunthu tikupukuta matambula oyera kale. Pano ngakhale madzi timamwera choyimirira.

Lachiwiri ndi tsiku lolandira katundu. Ndinalawirira kuchoka ku Dunoon pa basi ya MyCiTi kuti ndikathandize kutsitsa, ndipo mwa zimene zinabwera munali chibenthu cha tchizi cha Parmigiano Reggiano. Shefu wathu, bambo wachikulire wochokera kufupi ndi Napoli, salola munthu wina kuchidula. Ukamva mmene chimapangidwira umamumvetsa. Chimachokera m'madera ochepa okha a kumpoto kwa Italy, monga Parma, Reggio Emilia ndi Modena, ndipo sichituluka mosungira chisanathe miyezi 12. Gudumu limodzi la tchizichi, lolemera pafupifupi makilogalamu 40, limameza malita a mkaka opitirira 500. Ndiye kasitomala akamati "onjezerani, onjezerani" pamene ndikumupalira tchizi pa pasta, ine ndimamwetulira, koma ndimadziwa kuti m'khitchini muli munthu amene mtima ukumupweteka.

Tisanatsegule madzulo, tonse timasonkhana pakhomo la khitchini ndipo shefu amatilawitsa chakudya chapadera cha tsikulo. Safuna kuti munthu agulitse chimene sanachilawe. Pomwepo amabwerezanso malamulo ake: pa pasta ya nsomba kapena nkhanu pasathiridwe tchizi, spaghetti isathyoledwe poiphika, mbale ikatuluka isadikire ngakhale mphindi imodzi. Kunyamula mbale ndi gawo laling'ono la ntchito yanga. Gawo lalikulu ndi kuyima pakati pa munthu ameneyu, amene amakhulupirira kuti chakudya chili ndi malamulo, ndi anthu a pa matebulo, amene amakhulupirira kuti wolipira ndiye mwini mawu.

Lachitatu kunabwera mnyamata wina ndi mkazi wake pamodzi ndi mayi wachikulire atavala chitenje ndi duku. Nditamva mmene ankanong'onezerana, ndinangoti, "Mwaswera bwanji amayi?" Anandiyang'ana kawiri. "Iii, kani ndiwe wakwathu mwananga? Kwanu n'kuti?" Anali atachokera ku Ntcheu kudzaona mdzukulu wobadwa kumene.

Menyu ya Chitaliyana imasokoneza munthu amene akuiona koyamba, ndipo si chifukwa cha chilankhulo chokha. Chakudya chimabwera m'magawo. Koyamba ndi antipasto, tizakudya tochepa toyambira. Kenako primo, imene imakhala pasta, risotto (mpunga wophika Chitaliyana) kapena supu. Ikatha imeneyo pamabwera secondo, nyama kapena nsomba, ndipo imabwera yokha pambale. Masamba kapena mbatata zoperekezera, zimene amati contorno, umaitanitsa padera. Zotsekemera ndi khofi n'zomalizira. Palibe amene amakakamizidwa kudya magawo onse, awiri amakwana. Koma munthu wosauzidwa amaitanitsa nyama n'kudabwa ikubwera yokhayokha, kapena amaitanitsa zonse n'kukhuta pa mbale yachiwiri ndalama zitapita kale. Maweyitala ena amangokhala chete chifukwa bilu ikakula tipu imakulanso. Kwa ine kumeneko n'kuba ndithu.

Amayiwo ndinawasankhira polenta ndi nyama ya ng'ombe yophikidwa pamoto wochepa mpaka kufewa. Mbale itafika anaiyang'anitsitsa, n'kuigwira ndi supuni. "Mwananga, iyi si nsima ya chimanga chachikasu imene aiphula isanalimbe?" Tinaseka tonse, koma sanaphonye kwenikweni. Polenta ndi ufa wa chimanga wotakasidwa m'madzi otentha, ndipo kwa zaka zambirimbiri inali chakudya cha alimi osauka a kumpoto kwa Italy, ku Veneto ndi ku Lombardy. Ankaidya m'mawa, masana ndi madzulo popanda ndiwo zokwanira, mpaka ambiri anadwala pellagra, matenda amene amasupula khungu ndi kusokoneza mutu munthu akamadalira chimanga chokha. Ndi matenda omwe aja anavuta m'misasa ya othawa nkhondo a ku Mozambique kwathu cha m'ma 1990. Lero chakudya cha amphawicho timachigulitsa pamtengo umene mwana wawo anaubisa ndi dzanja kuti amayi asauone. Anapempha madzi osamba m'manja, ndinawabweretsera m'kambale. Shefu ataona mbale ikubwerera ili mbee, sanafunse kuti foloko inagwira ntchito yanji.

Lachinayi bambo wina anabweza spaghetti, amvekere sinapse. Pasta ya Chitaliyana amaiphula ikadali ndi kamtima kolimba pang'ono, zimene eni ake amati al dente, n'kuimalizira m'chiwaya pamodzi ndi msuzi wake komanso timadzi tochepa ta mumphika momwe imawira. Timadzi timeneto ndi timene timachititsa kuti msuzi umate pa pasta, osati uzithawira pansi pa mbale. Kwa bamboyo ndinati, "Pepani bwana, ndikawauza aibwezere pamoto." Kwa shefu sindinayerekeze kunena kuti kasitomala wati sinapse, mawu amenewo akanabutsa nkhondo. Ndinati kasitomala ali ndi vuto la mano. Anaiphika mwachifundo.

Nkhani ya carbonara ndiye imabwera pafupifupi usiku ulionse. Ndi chakudya cha ku Rome, ndipo mumalowa mazira, tchizi cha mkaka wa nkhosa chotchedwa pecorino romano, tsabola wakuda ndi guanciale, nyama ya patsaya la nkhumba yowumitsidwa ndi mchere. Kirimu mulibe. Kusalala kwa msuzi wake kumachokera ku mazira amene amasakanizidwa ndi pasta yotentha chiwaya chitachotsedwa pamoto. Ukachedwa kuchichotsa umapeza mazira okazinga. Anthu ambiri kuno anazolowera carbonara yosambira m'kirimu, ndipo ena amakhumudwa akaona yathu. Pamenepa ndimaikira kumbuyo shefu, ndimapempha kasitomala kuti alawe kaye. Koma pali chinthu chimene ndimanena ndisanafunsidwe: muli nkhumba. Cape Town ili ndi Asilamu ambiri, ndipo mayina ngati guanciale, pancetta ndi prosciutto sachenjeza munthu amene sadziwa Chitaliyana. Ndimatchulanso kuti mu risotto timathiramo vinyo ndipo tiramisu yathu, chotsekemera chomalizira, ili ndi mowa pang'ono. Bola munthu atuluke osadya kusiyana n'kuti adye chimene chipembedzo chake chimaletsa chifukwa ine ndinafuna tipu.

Amene anandiphunzitsa kusamala zimenezi ndi achimwene anga a ku Mangochi, amene amaphika pizza. Si achimwene a bere limodzi, tinakumana konkuno. Anayamba ndi kutsuka mbale, lero ndi iwo amene amalamulira uvuni, ndipo shefu mwiniwake sagwira chopalasira chawo chotulutsira pizza mu uvuni popanda kupempha. Makasitomala ambiri amaganiza kuti kuseri kuli Ataliyana okhaokha. M'khitchini mwathu Mtaliyana ndi mmodzi. Ena tonse ndife Amalawi, a ku Zimbabwe, a ku Congo ndi a konkuno, ndipo m'malesitilanti ambiri a mumzinda muno muli chimodzimodzi.

Lachisanu ndinawaona achimwenewo ali pa ntchito yeniyeni. Kampani ina inasungitsa theka la nyumba kuti ichite phwando lotsekera chaka, ndipo pafupifupi aliyense anafuna pizza nthawi imodzi. Pizza ya ku Napoli imapsa m'uvuni wa nkhuni wotentha madigiri oposa 450, ndipo imatenga masekondi 60 mpaka 90 basi. Pa nthawi yochepa chonchi munthu sungayang'ane kumbali. Amaiponya, amaizunguliza kuti mbali yoyang'ana moto isapserere, amainyamula pang'ono kufupi ndi denga la uvuni, n'kuitulutsa. Mtanda wake anaukanda dzulo lake, chifukwa umafunika maola ambiri kuti ufufume, choncho ukatha watha, palibe zokanda wina mwachangu. Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika luso la ophika pizza a ku Napoli m'kaundula wa chikhalidwe choyenera kusungidwa. Achimwene atamva zimenezi kwa shefu anangofunsa kuti, "Nanga malipiro awonjezera?"

Phwandolo linali laphokoso ndipo linatha mochedwa. Vuto la tebulo lalikulu si kuchuluka kwa mbale ayi, koma kuti zonse zifike pamodzi zikadali zotentha, pamene ena apita kokasuta ndipo ena asinthana mipando. Ndimalemba oda potsata mpando ndi mtundu wa malaya. Mayi wina anafunsa chifukwa chake pa menyu palibe spaghetti bolognese. Ndinamuuza kuti msuzi wa nyama umenewo ku Bologna amadyera tagliatelle, pasta yaphanthiphanthi ya mazira imene imagwira bwino nyama yogaya. Anaitanitsa, anadya, sanabweze.

Loweruka usiku timawerengera ndalama, ndiye ndinenepo za tipu, poti anzanga a kumudzi amandifunsa kawirikawiri. Mu Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku South Africa anafika R28.79 pa ola, ndipo lamulo silola kuti bwana awerengere tipu ngati gawo la malipiro amenewo. Koma aliyense wa ntchito ino amadziwa kuti lendi imalipidwa ndi tipu. Chizolowezi kuno ndi 10 peresenti ya bilu, okhutira amafika 15. Pa zimene ndapeza ndimagawako kwa onyamula mbale ndi a ku bala, chifukwa popanda iwo tebulo silingayende. Chodabwitsa n'chakuti amene amasiya zochepa nthawi zambiri ndi Ataliyana enieni obwera kudzacheza. Si umbombo. Kwawo pa bilu pamakhala kandalama kotchedwa coperto, ka malo ndi buledi, ndipo kusiya tipu yaikulu si mwambo. Amadya bwino, amakuyamikira, amakagwira shefu chanza, n'kukusiyira tizisiliva. Ndimawalandirabe mokondwa, chifukwa ndi okhawo amene sandifunsa za kirimu.

Lamulungu masana ndi nthawi ya mabanja, ndipo tebulo limodzi limatha kukhala maola atatu. Pali agogo ena amene amabwera ndi ana ndi zidzukulu, amalankhula Chingelezi ndi Chiafrikaans koma dzina lawo ndi la Chitaliyana. Bambo awo anabwera m'dziko muno ngati mkaidi wa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Asilikali a ku Italy zikwizikwi ogwidwa kumpoto ndi kum'mawa kwa Africa anasungidwa ku msasa wa Zonderwater, pafupi ndi Cullinan, kuyambira 1941, ndipo ena anawatumiza kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'misewu, kuphatikizapo msewu wa m'mapiri wa Du Toitskloof, kupitirira Paarl. Nkhondo itatha ena anatsalira, ena anapita n'kubwereranso. Agogowo akamadya samathamanga, ndipo sakonda weyitala wochotsa mbale wina akadadya. Ndimadikira mpaka womaliza ataika foloko pansi, ngakhale manejala azindiyang'ana chifukwa pakhomo pali anthu odikira malo.

Atamaliza tiramisu, mdzukulu wawo wamkazi anaitanitsa cappuccino. Ku Italy khofi wamkaka ameneyu ndi wam'mawa. Munthu akadya chakudya chachikulu amamwa espresso, kakapu kakang'ono kowawa, chifukwa amati mkaka umalemera m'mimba yokhuta. Shefu anali ataima pa bala ndipo anamva. Anakweza manja m'mwamba n'kuyamba kung'ung'udza m'chilankhulo chake. Pa lamulo ili lokha sindimutsatira. Carbonara ya kirimu ndi chakudya china, pasta yopsa mopitirira yawonongeka, koma cappuccino wa 3 koloko masana sapweteka aliyense. Ndinamupangira mtsikanayo, thovu lake lokwanira bwino, ndipo agogo ake anaitanitsa grappa, mowa waukali wa mphesa, n'kumuitana shefu kuti adzakhale nawo pansi.