Kuchokera ku Namwera kukacheza ndi anzathu a ku Chembe

Tikamva za ubale wa masukulu, ambiri timaganiza za sukulu ya ku Scotland yotumiza makalata ndi mabuku. Zimenezo nzabwino, koma ubale umene ine ndimaukonda ndi wa sukulu ziwiri za m'boma limodzi: yathu ya kumapiri a Namwera ndi ina ya m'mbali mwa nyanja ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear. Ana athu ambiri ndi mbadwa za Mangochi, usipa amaudya kawirikawiri, koma nyanja sanaiponde chibadwire.

Ntchito yaikulu inali yokonzekera. Ahedi a mbali zonse analemberana makalata, aPEA, alangizi a maphunziro a pulayimale m'dera lathu, anavomera, kenako tinakhala pansi ndi komiti ya sukulu. Makolo a atsikana sanalole msanga, ndipo sindiwaimba mlandu. Mitima inakhala pansi pamene gulu la amayi linasankha anthu oti aperekeze anawo. Lachisanu tinalipewa poti ana athu ambiri ndi Asilamu, masana amakhala ku mzikiti, choncho tinagwirizana Loweruka. Anzathu a ku Chembe anafunsa okha za ndiwo, tinawauza kuti ngati pali mbuzi ichinjidwe ndi Msilamu. Ndalama za galimoto makolo anasonkha, ena anapereka ufa.

Tinanyamuka kusanache. Potsika zitunda za Chowe, kutayamba kuyera, ana anaona madzi a Malombe chapatali n'kuyamba kukuwa kuti tafika. Titawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi tinaima pa chipilala cha wotchi chimene chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene tauni ya Mangochi inkatchedwa Fort Johnston. Pomwepo pali mfuti ya sitima ya Gwendolen imene inamenya nkhondo panyanja mu 1914, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Zinthu zimene timazilemba pa bolodi, ana anazikhudza ndi manja.

Ku Chembe anatichingamira ndi nyimbo mpaka kumsewu. Chimene tinachita bwino, m'kuona kwanga, ndi kukana kuti mpira ukhale wa sukulu iyi kulimbana ndi iyo. Tinawasakaniza, timu iliyonse theka a kumapiri theka a kunyanja, ntchemberembaye chimodzimodzi. Mukawapikisanitsa, ana amabwerera kwawo akungokamba za zigoli. Mukawasakaniza amafunsana maina, ndipo pofika nthawi ya nsima a ku Chembe anali akuyeserera kale moni wa Chiyao.

Madzulo ana a kumeneko ndiwo anali aphunzitsi. Anatitengera ku manda a amishoni a Livingstonia amene anafika pamalopa mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawavuta. Anafotokoza za mbuna, tinsomba ta mawangamawanga tokhala m'miyala, ndi chifukwa chake Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, bungwe la UNESCO n'kuilemba m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kusambira tinaletsa. Ana athu sadziwa madzi, komanso likodzo lilipo. Anangoima pamchenga n'kumaonera asodzi akusoka maukonde.

Koma pamene panandigwira mtima ndi pa zokambirana. Mutu unali wakuti, n'chiyani chimachotsa ana pasukulu kwanu? A ku Chembe anati anyamata amathamangira kunyanja chifukwa usiku umodzi wa usipa umawapatsa ndalama m'thumba. Athu anati kwathu ndi Joni: mnyamata akaona achimwene ake abwera ndi foni ndi njinga yamoto, kalasi imamuwawa. Atsikana a mbali zonse anatchula maukwati. Mtsikana wina wathu amene m'kalasi sayankhula anaimirira n'kufunsa kuti, "Nanga ife otsala tithandizana bwanji?" Anagwirizana zolemberana makalata mwezi ndi mwezi, aphunzitsi tizinyamula tikamakumana kuboma.

Anyamata athu anatsekera ndi beni, anthu a m'mudzi anadzaza bwalo.

Teremu ikubwerayi ndi iwo obwera kwathu. Tawauza kuti atenge majuzi chifukwa ku Namwera kumazizira, ndipo komiti yayamba kale kufunsa makolo a Sitandade 7 kuti ndani angalandire alendo kunyumba, poti ulendo uno tikufuna adzagone.